Kufunsa Active Directory pa PowerShell: yankho limachokera kuti, ndipo limatanthauza chiyani?

M'mabanki, m'mayunivesite ndi m'maofesi akuluakulu mmene muli makompyuta ambiri a Windows, pali pempho limene a IT amalimva kawirikawiri: "Tatipatseni mndandanda wa maakaunti onse amene sanagwiritsidwe ntchito kwa miyezi itatu." Opempha amakhala oyendera mabuku kapena a ku ofesi yoona za ogwira ntchito. Wa IT amatsegula PowerShell, pulogalamu ya Windows yolemberamo malamulo, kulemba mzere umodzi, mndandanda n'kutuluka pomwepo.

Chosokoneza n'chakuti anthu awiri akhoza kufunsa zomwezi tsiku limodzi, pa netiweki imodzi, koma n'kutulutsa mindandanda yosiyana, pomwe palibe amene walemba lamulo molakwika. Wina amapeza deti, mnzake amapeza nambala yaitali ya manambala 18. Wina amaona kuti malo a nambala ya foni alibe kanthu, chikhalirecho nambalayo ilimo. Kulemba lamulo sikuvuta, munthu amaphunzira tsiku limodzi. Chimene chimafuna nthawi ndi kudziwa seva imene yayankha, chimene mwaifunsa kwenikweni, ndi kawerengedwe ka chimene yakupatsanicho.

Kaundula wa pa netiweki

Kampani ikakhala ndi makompyuta mazanamazana, sizingatheke kuti kompyuta iliyonse izisunga payokha mayina a anthu ndi mapasiwedi awo. Pamafunika kaundula mmodzi amene makompyuta onse amamufunsa: munthu uyu ndi wathu kodi, pasiwedi yakeyi ndi yoona, akuloledwa kutsegula foda ya malipiro? Kaundula wotereyu ndi amene amatchedwa directory, ndipo wa Microsoft ndiye Active Directory.

Taganizirani kabati ya makadi mu ofesi ya kalaliki. Wogwira ntchito aliyense ali ndi khadi lake, kompyuta iliyonse ili ndi lake, gulu lililonse chimodzimodzi, ndipo pa khadi lililonse pali timabokosi todzaza: dzina, dipatimenti, nambala ya foni, bwana wake. Kampani ikakhala ndi nthambi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, nthambi iliyonse imakhala ndi kabati yakeyake, ndipo makalaliki amatumizirana zimene zasintha kuti makabati onse azifanana. Khadi ndi object, kabokosi ndi attribute, kabati ndi seva yotchedwa domain controller, ndipo kutumizirana zosinthako ndi replication.

Ganizoli ndi lakale kuposa Windows ya m'maofesi. Mu 1988 bungwe la CCITT, limene lero ndi ITU-T, linavomereza muyezo wa X.500 wofotokoza kaundula wa dziko lonse wooneka ngati mtengo wa nthambi. Njira yake yofunsira inali yolemera kwambiri moti makompyuta wamba a nthawi imeneyo ankalephera nayo. Tim Howes wa ku University of Michigan ndi anzake anakonza njira yopepuka yoyenda pa TCP/IP (njira imene makompyuta amalankhulirana pa intaneti), yotchedwa LDAP, imene inasindikizidwa mu 1993. Mtundu wake wachitatu, umene ukugwirabe ntchito, unatuluka mu 1997. Kampani ya Novell inali itatulutsa kale kaundula wake mu 1993 pamodzi ndi NetWare 4. Microsoft inabwera pambuyo ndi Active Directory mu Windows 2000 Server, ndipo ndi imene inadzafala m'maofesi ambiri.

Attribute ndi mayina ake

Khadi lililonse lili ndi keyala yake yonse, distinguished name, imene imawerengedwa kuchokera ku nthambi kupita ku tsinde, monga `CN=Kalaliki Woyamba,OU=Zachuma,DC=chitsanzo,DC=local`. Keyala imeneyi imasintha munthu akasamutsidwa dipatimenti. Chimene sichisintha ndi `objectGUID`, nambala imene khadi limapatsidwa tsiku limene lapangidwa. Wolemba script (fayilo ya malamulo amene kompyuta imatsatira yokha) yoti idzagwire ntchito zaka zambiri amachita bwino kudalira nambala imeneyi osati keyala.

Timabokosi timene khadi lingakhale nato sitichokera m'mutu mwa wodzaza. Pali buku la malamulo, schema, limene limanena kuti khadi la munthu likhale ndi ma-attribute ati, iliyonse isunge mawu, nambala kapena deti, ndipo isunge chinthu chimodzi kapena zambiri. Mapulogalamu ena, monga Exchange ya maimelo, amawonjezera timabokosi tawo mu schema. Choyenera kudziwa apa n'chakuti attribute ikawonjezeredwa sichotsedwanso, imangozimitsidwa, n'chifukwa chake oyang'anira netiweki sapupuluma pa nkhani yokhudza schema.

Pamene oyamba kumene amapunthwa ndi pa mayina. Kabokosi kamodzi kakhoza kukhala ndi mayina atatu. Pa windo la Active Directory Users and Computers mumaona "Last name", mu LDAP ndi `sn`, pomwe PowerShell imakulolani kulemba `Surname`. Mzinda ndi chilembo chimodzi chokha, `l`. Ofesi ndi `physicalDeliveryOfficeName`, dzina lotsalira kuchokera ku X.500, nthawi imene ankaganizira za kumene kalata ya papepala ikasiyidwe. Dzina lolowera pa kompyuta nalo lili pawiri: `sAMAccountName`, limene silipitirira zilembo 20 chifukwa linachokera ku Windows NT, ndi `userPrincipalName`, looneka ngati keyala ya imelo ngakhale si imelo, imelo yeniyeni ili mu `mail`. Njira yachangu yoonera mayina enieniwa ndi kuyatsa Advanced Features pa windo lija n'kutsegula tsamba la Attribute Editor pa akaunti imodzi.

Zida zofunsira

Kumayambiriro oyang'anira netiweki ankalemba ma-script m'chilankhulo cha VBScript, odutsira mu ADSI, njira ya Windows yofikira kaundula, mizere khumi kapena kuposa kuti apeze nambala ya foni ya munthu mmodzi. Windows Server 2003 inabwera ndi `dsquery` ndi `dsget`, malamulo afupiafupi koma otulutsa mawu okhaokha, oti munthu aziwadula yekha. PowerShell, imene Jeffrey Snover anaifotokoza koyamba mu 2002 pansi pa dzina la Monad, inatuluka mu November 2006, ndipo malamulo ake a Active Directory anabwera ndi Windows Server 2008 R2 mu 2009. Kusiyana kwake n'kwakuti lamulo limodzi likapatsira linzake, silipatsira mawu chabe. Limapatsira khadi lonse ndi timabokosi take, deti likadali deti, nambala ikadali nambala. A pa Linux ali ndi `ldapsearch`, imene imafunsa kaundula yemweyu pa khomo (port) la 389, kapena 636 ngati zokambiranazo zabisidwa. Malamulo a PowerShell amadzera khomo lina, 9389, la Active Directory Web Services, ndipo nthawi zina ichi ndi chifukwa chake chida chimodzi chimayankha pomwe chinzake chikukana: firewall yatsekula khomo limodzi lokha.

Lamulo loyamba limene aliyense amaphunzira ndi ili:

`Get-ADUser -Identity kalaliki01`

Limatulutsa zinthu 10 zokha: `DistinguishedName`, `Enabled`, `GivenName`, `Name`, `ObjectClass`, `ObjectGUID`, `SamAccountName`, `SID`, `Surname` ndi `UserPrincipalName`. Foni, dipatimenti, imelo, zonsezi palibe. Sikuti mulibe mu kaundula, koma simunazipemphe. Mumazitchula ndi dzina:

`Get-ADUser -Identity kalaliki01 -Properties mail, department, telephoneNumber`

Ambiri akazindikira zimenezi amazolowera kulemba `-Properties *` paliponse. Pa akaunti imodzi n'zothandiza, mumaona zonse zimene zadzazidwa. Koma pa maakaunti zikwi zingapo ndi kusenzetsa seva katundu wosafunika, seva yomweyo imene ikulowetsa anthu pa makompyuta m'mawa. Chimodzimodzinso ndi kusefa: `-Filter` imauza seva kuti isefe yokha n'kutumiza zofunika zokha, pamene kukoka maakaunti onse n'kumasefa ndi `Where-Object` kumayendetsa kaundula yense pa netiweki kuti mutaye pafupifupi zonse.

Palinso malire amene zida zina sizikuuzani mokweza. Active Directory imapereka makadi osapitirira 1,000 pa yankho limodzi ngati wofunsa sanapemphe kuti alandire tsamba ndi tsamba. `Get-ADUser` imachita zimenezi yokha, koma pa `ldapsearch` kapena pa script ya ADSI muyenera kupempha nokha. `dsquery` imaima pa 100 mukapanda kuiuza malire ena. Mndandanda ukathera pa 1,000 kapena pa 100 ndendende, ndi bwino kuukayikira.

Kabokosi kopanda kanthu

Mbali imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa apa ndi pamene malipoti olakwika amabadwira. LDAP sisunga kabokosi kopanda kanthu. Attribute ikakhala yosadzazidwa, pa khadipo imakhala palibe n'komwe. Ndiye mukaona malo opanda kanthu pa zimene zatuluka, tanthauzo lake likhoza kukhala losiyanasiyana, ndipo sikirini siikuuzani kuti ndi liti.

Mwina palibedi amene anadzaza. Mwina simunaipemphe, monga taonera. Mwina akaunti yanu ilibe chilolezo choiwerenga, ndipo pamenepa seva sikuwa kuti mwaletsedwa, imangosiya attribute imeneyo n'kukupatsani zotsalazo. Mwina mwafunsa global catalog, pa khomo la 3268, imene ili ndi makadi a madomeni onse a kampani (domeni ndi chigawo cha netiweki chokhala ndi kaundula wake) koma ndi timabokosi tosankhidwa tokha. Kapenanso attribute imeneyo ndi ya mtundu umene susungidwa n'komwe, umene seva imauwerengera pa nthawi imene mwaufunsa. Chitsanzo ndi `msDS-UserPasswordExpiryTimeComputed`, imene imanena tsiku limene pasiwedi idzathe ntchito: ngakhale mulembe `-Properties *` siituluka, mpaka muitchule ndi dzina.

Za magulu nazonso zili ndi msampha wake. `memberOf` imaonetsa magulu amene munthu analembedwamo mwachindunji. Siionetsa magulu amene ali pamwamba pa maguluwo, ndipo siionetsa gulu lake loyamba, limene kwa anthu ambiri ndi Domain Users. Limeneli limasungidwa padera ngati nambala 513 mu `primaryGroupID`. Woyendera mabuku akafunsa amene angathe kutsegula foda ya malipiro, `memberOf` payokha siyankha funsolo.

Manambala obisa tanthauzo

Windows imawerenga nthawi m'tizigawo ta 100 nanosecond (sekondi imodzi ili ndi tizigawo 10 miliyoni) kuyambira pa 1 January 1601, chaka chimene chinasankhidwa chifukwa ndi poyambira pa mzungulire wa zaka 400 wa kalendala ya Gregory. Choncho `133485408000000000` ndi pakati pa usiku pa 1 January 2024 pa nthawi ya UTC. Lamulo la `[DateTime]::FromFileTime` limatembenuza nambalayi, ndipo pa kompyuta yoikidwa nthawi ya ku Malawi lidzaonetsa 2 koloko ya m'bandakucha, popeza tili patsogolo ndi maola awiri. Ma-attribute monga `pwdLastSet`, `lastLogon` ndi `accountExpires` amasunga nthawi chonchi, koma `whenCreated` imasunga mwa mtundu wina wowerengeka, `20240101000000.0Z`.

Manambala ena si madeti n'komwe, ndi zizindikiro. `pwdLastSet` ikakhala 0 ndiye kuti munthuyo akakamizidwa kusintha pasiwedi akadzalowanso. `accountExpires` ikakhala 0 kapena 9223372036854775807 ndiye kuti akauntiyo siitha. Script yosaganizira zimenezi imatulutsa lipoti lonena kuti akaunti inatha mu 1601.

Nayonso `userAccountControl` ndi nambala imodzi yosenza mayankho ambiri a inde kapena ayi, lililonse ndi mtengo wake, onse ophatikizidwa. Akaunti wamba ndi 512. Kuzimitsidwa ndi 2, ndiye akaunti wamba yozimitsidwa ndi 514. Pasiwedi yosatha ndi 65536, ndiye akaunti wamba ya pasiwedi yosatha ndi 66048, ndipo ikazimitsidwa imakhala 66050. Wofufuza maakaunti ozimitsidwa pofunsa 514 yokha amaphonya onse a 66050. PowerShell imathandiza popereka `Enabled` ndi `PasswordNeverExpires`, zimene mu kaundula mulibe. Ndi kumasulira kwa nambala yomweyi.

Analowa liti komaliza

Tibwerere ku pempho la miyezi itatu. Pali ma-attribute awiri a mayina ofanana amene amayankha mafunso osiyana.

`lastLogon` imalembedwa nthawi iliyonse munthu akalowa, koma pa domain controller imene yamulowetsayo basi. Siitumizidwa kwa zinzake. Pa chitsanzo chathu chija, kalaliki wa ku Mzuzu amalemba pa khadi la m'kabati yake, a ku Blantyre ndi ku Lilongwe osauzidwa. Mukafunsa seva ya ku Blantyre za munthu amene amalowa tsiku lililonse ku Mzuzu, ikhoza kukuuzani kuti analowa chaka chatha, kapena kuti sanalowepo. Anachita dala zimenezi: kutumiza uthenga ku maseva onse nthawi iliyonse munthu akalowa kukanadzaza mizere ya netiweki, makamaka mu 2000 pamene mizere yolumikiza nthambi inali yopapatiza. Kuti mupeze deti lenileni muyenera kufunsa domain controller iliyonse ndi `-Server`, n'kutenga nambala yaikulu pa zonse.

Windows Server 2003 inabweretsa `lastLogonTimestamp`, imene imatumizidwa ku maseva onse, koma siilembedwa pa kulowa kulikonse. Seva imaisintha pokhapokha deti limene lilipo likakalamba ndi masiku 9 mpaka 14. Ndiye ikhoza kutsalira m'mbuyo pafupifupi milungu iwiri. Chimene PowerShell imaonetsa ngati `LastLogonDate` ndi attribute yomweyi, yotembenuzidwa kukhala deti lowerengeka.

Palibe yoposa inzake. Pa funso la miyezi itatu, `lastLogonTimestamp` ndi yokwanira, ndipo anaipangira ntchito imeneyi. Pa funso lakuti kodi munthu uyu analowa Lachiwiri lapitali, ndi yosathandiza, ndipo kuigwiritsa ntchito pa mlandu wa kuntchito kukhoza kupweteketsa munthu wosalakwa; zoterezi zimafuna ma event log, zolemba zimene maseva amasunga za chilichonse chochitika. Pali kena kowonjezera: akaunti imene sinalowepo chipangidwireni ilibe attribute imeneyi, choncho sefa yofunsa madeti akale kuposa masiku 90 imaidumpha. Maakaunti oterewa, opangidwa n'kuiwalika, kawirikawiri ndi amene woyendera mabuku amawafuna kwambiri.

Ndani amaloledwa kuwerenga

Ambiri amaganiza kuti kufunsa kaundula ndi kwa oyang'anira netiweki okha. Si choncho. Mmene Active Directory imakhalira ikangoikidwa kumene, aliyense amene ali ndi akaunti akhoza kuwerenga ma-attribute ambiri a anzake onse: mayina, magulu, mabwana, deti limene anasintha pasiwedi. Kaundula anapangidwira kufunsidwa, ndipo mapulogalamu ambiri amadalira ufulu umenewu. Pasiwedi yeniyeni, imene ili mu `unicodePwd`, LDAP siibweza kwa wina aliyense, ngakhale kwa woyang'anira wamkulu. Ma-attribute ena akhoza kuikidwa chizindikiro cha chinsinsi mu schema kuti awerengedwe ndi ololedwa okha.

Koma kabokosi ka `description` n'kotseguka kwa onse, ndipo akatswiri oyesa chitetezo cha makampani amayamba kuyang'ana m'menemo, chifukwa kawirikawiri amapezamo mapasiwedi amene wina analemba kuti asaiwale. Mu 2014 Tim Medin anaonetsa njira yobera mapasiwedi yotchedwa Kerberoasting, imene imayamba ndi funso wamba la LDAP: ndi maakaunti ati amene ali ndi `servicePrincipalName`, chizindikiro chakuti akauntiyo imayendetsa pulogalamu ya pa seva? Mu 2016 kunatuluka chida cha BloodHound, chimene chimasonkhanitsa zoti ndani ali m'gulu liti ndipo ali ndi mphamvu pa ndani, n'kujambula njira yochokera pa akaunti wamba kukafika pa ya woyang'anira. Oteteza netiweki amachigwiritsa ntchito, olowerera mwakuba nawonso. Mafunso a woyang'anira wachilungamo ndi a wakuba amafanana kalembedwe.

Mafunso amene sanayankhidwebe

Loyamba likuchokera pomwepa. Ena amati ufulu wowerenga uchepetsedwe kuti wakuba akalowa pa akaunti imodzi asaone kampani yonse. Ena amati kutero kumathyola mapulogalamu akale amene palibe akukumbukira zimene amawerenga, ndipo n'kwabwino kusiya potseguka n'kumalondera amene akufunsa mafunso achilendo. Koma kulonderako kumatulutsa ma log ochuluka zedi, ndipo si ofesi iliyonse ili ndi malo owasungira kapena munthu wowawerenga.

Lachiwiri ndi la kumene kaundula akupita. Microsoft ili ndi kaundula wina wa pa intaneti, amene ankatchedwa Azure Active Directory mpaka 2023 pamene anasinthidwa dzina kukhala Microsoft Entra ID. Ngakhale mayina ankafanana, iyeyu safunsidwa ndi LDAP; amafunsidwa kudzera mu Microsoft Graph, ndi malamulo monga `Get-MgUser`, ndipo mayina a timabokosi ambiri ndi ena. Makampani ambiri ali ndi akaundula onse awiri olumikizidwa. Munthu amene amagwira ntchito ali kunyumba, wongotsegula imelo ndi mafayilo a pa intaneti, akhoza kuoneka ngati wosalowa mu kaundula wa mu ofesi pomwe akugwira ntchito tsiku lililonse. Pa kampani yotere, kodi akaunti yosagwiritsidwa ntchito ndi iti, ndipo ndi kaundula uti amene ali ndi mawu omaliza? Kumadera kumene intaneti imadukaduka kapena ndi yokwera mtengo, palinso funso lakuti n'kwanzeru kodi kuchotseratu domain controller ya mu ofesi.

Lachitatu ndi la ma-script akale. Mu 2023 Microsoft inalengeza kuti VBScript ikuchotsedwa pang'onopang'ono mu Windows. Maofesi ambiri akadali ndi ma-script a VBScript amene amayenda usiku uliwonse, ena olembedwa ndi anthu amene anasiya ntchito kalekale. Kuwalembanso mu PowerShell kumafuna munthu womvetsa chimene mzere uliwonse unkafunsa, osati wongotembenuza mawu.

Lomaliza ndi la anthu amene mayina awo ali pa makadiwo. Lamulo limodzi lothera ndi `Export-Csv` limatulutsa mayina, mafoni ndi maudindo a ogwira ntchito onse m'fayilo imene ikhoza kutumizidwa pa imelo kapena pa WhatsApp. Malamulo oteteza zachinsinsi za anthu, monga GDPR ya ku Ulaya imene inayamba kugwira ntchito mu 2018 ndi Data Protection Act ya Malawi ya 2024, amakhudza zinthu ngati zimenezi. Chimene kampani iliyonse iyenera kudziyankha ndi ichi: ndani avomereze lipoti lotere lisanatulutsidwe, fayiloyo isungidwe kuti ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, komanso wogwira ntchito ali ndi njira yanji yokonzetsera kabokosi kamene kali ndi zolakwika za iye?